Ntchito Imene Inayambika ku Magwero

Abusa, abambo ansembe, akulu a mpingo, makatekisiti, amayi a Chigwirizano ndi amayi a m'magulu a mipingo ina, aphunzitsi, ndi inu abale ndi alongo ogontha amene mwakhala kutsogolo kuno, ndilankhula modekha kuti omasulira asatsale m'mbuyo. Ndikafika pa dzina lachilendo ndiziyamba ndaima pang'ono, chifukwa dzina lotero limalembedwa ndi zala, chilembo chimodzichimodzi.

Ife a ku Chipata, nkhani ya ogontha ndi Uthenga Wabwino sitiyenera kukaifunafuna kutali. Ili pakhomo pathu, ku Magwero, kufupi ndi malire a Malawi. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa ndi asilikali a Angelezi mu 1898, chaka chotsatira, 1899, amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State anamanga misasa ku Magwero, ndipo pamenepo ndi pamene panayambira mpingo umene lero timautcha Reformed Church in Zambia. Mu 1905 Mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa ana osaona pamishoni yomweyo. Sukulu ya ana ogontha inadzatsegulidwa mu 1955, mwa khama la Mayi Ella Botes, amene anathera zaka zambiri za moyo wawo pakati pa ana olumala a dera lino. Olemba mbiri ya maphunziro a ana olumala m'Zambia amayambira ku Magwero, ndipo ife tili ndi chifukwa chonyadira.

Koma taonani zaka ziwirizo, 1905 ndi 1955. Pakati pake pali zaka 50. Mishoni imodzi, chifundo chimodzi, koma wosaona analandiridwa msanga, wogontha anadikira mpaka ana a nthawi imeneyo atakhala agogo. Ine sindikhulupirira kuti amishoniwo ankakonda osaona kuposa ogontha. Chimene ndikuona n'chakuti mwana wosaona amalowa m'tchalitchi n'kupeza zonse zili m'malo mwake. Ulaliki amaumva, nyimbo amaimba, mavesi amaloweza mwinanso kuposa anzake openya. Mpingo sufunika kusintha kalikonse kuti umulandire. Wogontha akalowa, zonse zimene timachita zimamudutsa pambali, ndipo kuti afikiridwe ndife amene tiyenera kusintha, tiyenera kuphunzira. Pamenepo ndi pamene timagwa ulesi, kale ndi lero lomwe.

Chodabwitsa n'chakuti mfundo imene ikufunika pano mipingo yathu inaidziwa kuyambira pachiyambi. Amishoni sanauze makolo athu kuti ayambe aphunzira Chibunu kapena Chingelezi kenako adzamve za Yesu. Anakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, naphunzira Chinyanja movutikira, akulakwitsa ndi kusekedwa, mpaka mu 1922 Buku Lopatulika linatuluka lathunthu. Akatolika nawonso anamasulira mabuku awo m'chinenero chathu. Onsewo anavomereza kuti munthu ayenera kumva za Mulungu m'chinenero chimene amadandaulira ndi kusekera. Ife tinapindula ndi mfundo imeneyi. Ogontha akutifunsa kuti mfundo yomweyo igwire ntchito kwa iwo.

Ena mwa inu mukuti mumtima, kodi zoloza ndi manja zija n'chinenero? Funso limeneli lisatichititse manyazi, poti ngakhale ophunzira a ku Ulaya linawasokoneza kwa nthawi yaitali. Wansembe wachikatolika, Charles-Michel de l'Épée, anatsegula sukulu ya ogontha ku Paris cha m'ma 1760, ndipo anaphunzira manja kwa ana omwewo. Mu 1817 Thomas Gallaudet ndi mphunzitsi wogontha Laurent Clerc anatsegula sukulu ku Hartford, ku America, yophunzitsa ndi manja. Koma mu 1880 aphunzitsi a ogontha anasonkhana ku Milan, pafupifupi onse anthu akumva, nagamula kuti ana aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo, manja aleke. Chigamulo chimenecho chinalamulira masukulu ambiri kwa zaka pafupifupi 100, ndipo chinafika mpaka kuno ku Africa. M'maiko ambiri ana ankalangidwa akapezeka akulankhula ndi manja. Anathera zaka akuphunzira kutulutsa mawu amene iwo eni sankawamva, masamu ndi mbiri zikuwadutsa. Mu 1960 ndi pamene William Stokoe, wa pa koleji ya ogontha ya Gallaudet, anasonyeza poyera kuti chinenero cha manja chili ndi malamulo akeake ngati chinenero china chilichonse.

Ana eni ake sanadikire Stokoe. Kulikonse kumene ana ogontha asonkhanitsidwa, chinenero chimamera pakati pawo, m'nyumba zogona, pabwalo la mpira, pamzere wolandira nsima. Ku Nicaragua zimenezi zinachitika akatswiri akuona: ana amene anasonkhanitsidwa m'masukulu a ku Managua chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anapanga chinenero chatsopano, ndipo ang'ono awo obwera pambuyo anachikometsa. N'chifukwa chake ine ndimati mphatso yaikulu ya Magwero inali kusonkhanitsa pamodzi ana amene aliyense anali yekhayekha m'mudzi mwake, wina ku Katete, wina ku Lundazi, wina ku Chadiza, n'kuzindikira kuti ali ndi anzake. Dziwaninso kuti chinenero cha manja si chimodzi padziko lonse. Cha ku Zambia n'china, cha ku Britain n'china. Ife akumva tikadutsa pa Mwami timapitiriza Chichewa chathu osasintha, koma wogontha wa kuno akafika ku Lilongwe amapeza zizindikiro zina zimene sanazizolowere.

Ndikanakonda aliyense wa inu atadzaonako wogontha wodziwa kusimba akufotokoza fanizo la mwana wolowerera. Amaika bambo kudzanja lamanja, mwana kumanzere, ndipo malo amenewo sasintha mpaka nkhani itatha. Akatembenuza phewa pang'ono, wasanduka mwana uja, nkhope yaphuma, akufuna chuma chake lero lomwe. Akatembenukira kwina, wasanduka bambo, dzanja likupereka monyinyirika. Kutalika kwa ulendo mumakuona pa mmene dzanja likupitira kutali ndi mmene maso akutsinzinira. Akafunsa funso, nsidze ndi zimene zimafunsa. Pofika pamene bambo aona mwana ali patali, maso a wosimbayo amayamba aloza malo aja anamusiya mwanayo, kenako thupi lonse limanyamuka. Palibe chimene chatsala m'fanizolo. Ine ndamva maulaliki ambiri a fanizo limeneli, koma ochepa okha ndi amene anandifika pamtima ngati mmene amalisimbira ogontha.

Tsopano tiyeni tilowe m'tchalitchi chathu Lamulungu m'mawa, kaya ndi ku Kapata, ku Mchini kapena kumudzi. Mtsikana wogontha wabwera ndi amayi ake, wavala bwino, wakhala kumbuyo kumene kuli malo. Anthu akaimirira, iyenso amaimirira. Akakhala, amakhala. Nthawi ya pemphero tonse timaweramitsa mitu ndi kutsinzina, ndipo iye akatsinzina ndiye kuti dziko lonse lamutsekekera, sadziwa kuti pemphero latha mpaka wina amugwedeze. Abusa alalikira ola lathunthu, chokuzira mawu chili pakamwa, milomo yobisika. Anthu aseka, iye ayang'ana uku ndi uku. Potuluka afunsa amayi ake kuti kunali chiyani, amayiwo aloza kumwamba, aika manja pamodzi, basi ulaliki wonse wathera pomwepo. Mtsikana ameneyu akhoza kubwera choncho zaka khumi. Akhoza kulowa kalasi, kugwedeza mutu pa funso lililonse, kubatizidwa chifukwa akulu amumvera chisoni, n'kumadya Mgonero osauzidwa kuti mkate ndi chikho zikunena za yani. M'kaundula ndi Mkhristu wathunthu, ndipo ife timaganiza kuti tamuchitira zabwino.

Pali mawu a Paulo m'kalata ya kwa Aroma, mutu 10, onena kuti chikhulupiriro chimadza munthu akamva uthenga. Kwa zaka mazana ambiri anthu ena ankawatenga mawuwa ngati akunena za khutu, mpaka kukayika ngati wobadwa wogontha angakhulupirire. Koma werengani mutu wonsewo. Nkhawa ya Paulo ili pa anthu amene palibe wawafikira, ndipo funso lake likulunjika kwa otuma ndi otumidwa. Ngati uthenga sunamufike mtsikana uja, mlandu uli kwa ife amene sitinatume munthu wodziwa chinenero chake.

Taonaninso mmene Yesu anachitira ndi munthu wogontha pa Marko mutu 7. Anayamba wamuchotsa pakati pa khamu n'kupita naye pambali. Kenako anamukhudza makutu, anamukhudza lilime, nayang'ana kumwamba. Zonsezo ndi zinthu zimene munthuyo akanatha kuziona ndi kuzimvetsa: vuto lako ndalidziwa, lili apa ndi apa, ndipo thandizo lichokera uko. Yesu anamufotokozera munthuyo zimene zimuchitikire asanazichite. Ndikunena izi chifukwa cha zimene timaziona m'misonkhano ina ya machiritso. Wogontha amakokeredwa kutsogolo kwa khwimbi la anthu osauzidwa chifukwa chake, wina amukuwira m'khutu, amukankha pamphumi, amuuza kuti abwereze mawu, ndipo akatulutsa kaphokoso anthu akuwa kuti wachira. Mawa lake akadali wogontha, koma tsopano wasenzanso mbiri yoti alibe chikhulupiriro kapena ali ndi chiwanda. Ambiri amene anachitidwa zotere safunanso kuponda pakhomo la tchalitchi, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Sindikuletsa kupempherera odwala. Ndikuti mufunseni munthuyo chimene akufuna kuti mumupempherere. Mudzadabwa kupeza kuti ambiri akufuna ntchito, banja labwino, fizi ya ana, monga inu ndi ine, ndipo za makutu sakuzitchula n'komwe.

Komabe vuto lalikulu limayambira kunyumba, tchalitchi chisanafike. Mwa ana 10 aliwonse ogontha, 9 amabadwa kwa makolo akumva, amene sanaganizepo kuti adzafunika chinenero cha manja. Ena amabadwa choncho, ena amagontha atadwala malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, kapena mafinya a m'khutu amene sanachiritsidwe msanga. A World Health Organization amati pafupifupi 60 peresenti ya kugontha kwa ana kumachokera ku zinthu zopeweka, choncho amayi, sikelo ndi katemera musamaziphonye, ndipo khutu la mwana likayamba kutuluka mafinya thamangirani kuchipatala. Koma mwana akagontha, chimene chimamupweteka koposa ndi kukula wopanda chinenero chilichonse. Zaka zoyambirira ndi zimene ubongo wa mwana umagwira chinenero mosavuta. Akafika zaka 9 kapena 10 akungodziwa kuloza madzi ndi nsima, ndiye kuti wataya chinthu chimene ngakhale mphunzitsi waluso wa ku Magwero adzavutika kuchibweza. Makolo ena amamusunga pakhomo chifukwa cha manyazi, ena chifukwa ndi amene amalimbikira kumunda ndi kubusa. Ndipo amene amutumiza kusukulu, mwana akabwera patchuthi ali ndi nkhani zodzaza manja, amapeza kuti pakhomo palibe womumva.

Zimenezi zimaonekera poyera pamaliro. Bambo amwalira, uthenga wapita pa lamya ndi pa wailesi, pa Breeze FM kapena pa Radio Maria, abale onse amva. Mwana wawo wogontha amangoona anthu akusonkhana ndi amayi akulira. M'nyumba ya siwa amukhazika pakona. Mwambo wonse, mbiri ya womwalira, ulaliki, mawu a mfumu, zokambirana za katundu, zonse zimatha iye osadziwa kuti bambo ake anadwala chiyani, ananena chiyani pomaliza, munda wapatsidwa kwa yani. Amayi a Chigwirizano, inu amene mumagona pamaliro usiku wonse mukuimba, mukanakhala ndi mmodzi yekha pakati panu wodziwa manja, mwana ameneyu akanalira maliro a bambo ake ngati mwana wa pakhomopo.

Wina anena kuti, apatseni Baibulo aziwerenga okha. Kuwerenga kumathandiza amene anagontha atakula kale. Koma kwa wobadwa wogontha, Chichewa cholembedwa ndi chinenero chimene sanachimvepo, ndipo ambiri amene anapita kusukulu anaphunzira kulemba m'Chingelezi. Baibulo la papepala kwa iwo ndi la chinenero chachiwiri kapena chachitatu. Baibulo lawo liyenera kukhala la pa vidiyo, lomasuliridwa ndi ogontha eni ake. Ntchitoyi ndi yaitali. Ku America, bungwe la Deaf Missions linatha zaka pafupifupi 40 likumasulira, ndipo Baibulo lonse m'chinenero cha manja cha kumeneko linamalizidwa mu 2020. Kuno kwathu tiyenera kunena zoona: a Mboni za Yehova anatitsogolera. Ali ndi misonkhano ya chinenero cha manja, ali ndi mavidiyo m'chinenero cha manja cha ku Zambia, ndipo anthu awo akumva amakhala pansi n'kuphunzira. Mkulu wa mpingo akamadandaula kuti mwana wathu wapita kwa a Mboni, ayambe wadzifunsa kuti ndi liti pamene iye analankhula ndi mwanayo mawu opitirira moni.

Munthu amene ndikufuna kuti mutuluke muno mukumukumbukira ndi Andrew Foster. Anali munthu wakuda wa ku America, anagontha ali ndi zaka 11, ndipo mu 1954 anakhala wakuda woyamba kulandira digiri pa koleji ya Gallaudet. Anafuna kubwera ku Africa ngati mmishoni, koma mabungwe a mishoni sanamulandire. Anayambitsa bungwe lake mu 1956, ndipo mu 1957 anatsegula sukulu ku Accra, ku Ghana. Pomwalira pa ngozi ya ndege ku Rwanda mu 1987, anali atatsegula masukulu oposa 30 m'maiko 13. Njira yake inali yophunzitsa ogontha kuti akakhale aphunzitsi ndi alaliki a ogontha anzawo. Munthu amene mabungwe anamuona ngati woyenera kuthandizidwa ndi amene anagwira ntchito imene mabungwewo sanaigwire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi amene akumva m'mimba ndi ogontha.

Tsono womasulira n'ngofunika, koma ndi chiyambi chabe. Ndipo ngakhale chiyambicho timachichita mosasamala. Womasulira asaime pamene kumbuyo kwake kuli zenera, chifukwa kuwala kumaphimba nkhope ndi manja. Aime pafupi ndi gome, kuti ogontha aziona iye ndi mlaliki nthawi imodzi, ndipo mabenchi a kutsogolo asungidwire iwo. Mlaliki amupatse mavesi ndi mitu ya ulaliki lisanafike tsikulo. Pamwambo wautali pakhale awiri osinthana pakatha mphindi 20 kapena 30, pakuti ntchitoyi imatopetsa mutu ndi mapewa. Amasulire zonse, zolengeza, nthabwala, ngakhale mkangano wa pa msonkhano wa chuma. Azipatsidwa kangachepe, monga timachitira ndi wina aliyense amene amasiya ntchito zake chifukwa cha mpingo. Ndipo oweruza ngati akumasulira bwino akhale ogontha. Mukukumbukira pa 10 December 2013, pa mwambo wokumbukira Nelson Mandela ku Johannesburg, munthu anaima pambali pa atsogoleri a maiko akugwedeza manja opanda tanthauzo. Akumva ambiri anaona ngati zili bwino. Anaulula ndi ogontha.

Pali malo ena pamene womasulira sakwanira n'komwe. Mtsikana wogontha amene wachitidwa chipongwe ndi wachibale angakanene bwanji kwa abusa ngati womasulira wake ndi wa m'banja lomwelo? Mkatolika wogontha akalape bwanji kwa wansembe amene sadziwa chizindikiro ngakhale chimodzi? Banja la ogontha likasemphana, ankhoswe ndi alangizi amve mbali zonse ziwiri kudzera mwa yani, mwa mwana wawo wa zaka 8? Apa pakufunika abusa, ansembe ndi alangizi odziwa manja iwo eni. Ndikupempha amene muli ndi mawu kumasinodi ndi kudayosizi kuti mukanene kuti m'masukulu ophunzitsa abusa ndi ansembe, monga pa Justo Mwale ku Lusaka ndi m'maseminale athu, wophunzira aliyense azilawako chinenero cha manja asanadzozedwe. Mukanenenso kuti khomo litseguke kwa ogontha amene ali ndi maitanidwe. Mwa ana onse amene adutsa pa Magwero kuyambira 1955, sizingatheke kuti Mulungu sanaitanepo ena kukhala akulu a mpingo, atumiki, aphunzitsi a Sande sukulu ndi alaliki. Ife ndi amene sitinawafunse.

Boma linayendako kale. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu olumala. Ogontha ali ndi bungwe lawo, Zambia National Association of the Deaf, kuyambira 1981. Pa nkhani za ZNBC mumamuona womasulira pakona. Pa 23 September chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira zinenero za manja. N'zomvetsa chisoni kuti mpingo, umene unayamba ntchitoyi boma lisanaiganizire, lero ukutsalira m'mbuyo.

Chimene ndikupempha kuti mukachite mwezi uno sichifuna ndalama. Mkulu aliyense m'dera lake, mtsogoleri aliyense wa mphakati, ayende khomo ndi khomo afunse kuti muno muli wogontha kodi, wamkulu kapena mwana. Musadalire kaundula, chifukwa ambiri sali m'menemo. Mwana wa msinkhu wa sukulu amene ali pakhomo, kambiranani ndi makolo ake ndi a ofesi ya maphunziro kuti apeze malo, ku Magwero kapena pa sukulu ina imene ili ndi kalasi la ogontha. Akuluakulu amene mwawapeza, aitaneni akhale pamodzi, muwafunse kuti akufuna kupemphera motani, nthawi yanji, ndi ndani. Akanena kuti akufuna chipinda chawo ndi mlaliki wawo Lamulungu lina, Lamulungu lina n'kudzakhala ndi mpingo wonse, apatseni chipindacho. Kenako pemphani mmodzi wa iwo akhale mphunzitsi wa kalasi la manja Loweruka masana, ndipo oyamba kulembetsa akhale makolo a ana ogontha, abusa, ndi amayi awiri a Chigwirizano. Mphunzitsiyo muzimulipira.

Ine ndalankhula nthawi yaitali m'malo mwa anthu amene ali muno ndipo angathe kudzinenera okha. Abale ndi alongo a kutsogolo kuno, bwerani muime pano poonekera, omasulira atembenukire kwa ife akumva, mutiuze pamene ndanena zoona ndi pamene ndaphonya.